Magetsi Akathima: Dziwani Mphamvu Imene Zipangizo Zanu, Batire ndi Inveta Zimadya

MAWU OYAMBA

Magetsi ambiri m'dziko muno amachokera pa mtsinje umodzi. Makina a EGENCO a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali pa Shire, choncho madzi akaphwa, namasupuni ndi zinyalala zikatseka makina, kapena chigumula chikaononga damu, mdima umafika m'nyumba za anthu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo mamegawati pafupifupi 130 anasowa pa nthambo za ESCOM kwa nthawi yopitirira chaka. N'chifukwa chake mabanja ambiri anadzimana n'kugula batire, inveta, sola kapena jenereta.

Koma kugula sikuthetsa madandaulo. Ena batire limawathera nkhani za pa TV zisanathe. Ena inveta imangolira firiji ikayaka. Enanso amadabwa kuti chigulireni inveta mayunitsi akutha msanga kuposa kale. Nthawi zambiri vuto silikhala katunduyo ayi, koma kuti anagulidwa popanda kuwerengera. Kabuku kano kakuphunzitsani kuwerengera kumeneko. Masamu ake ndi ochepa, oti mwana wa sitandade 6 atha kukuthandizani. Mungofunika pepala, cholembera ndi maso owerengera timalemba tating'ono tapansi pa zipangizo zanu.

GAWO 1: MANAMBALA AWIRI OYENERA KUWASIYANITSA

Tembenuzani ketulo yamagetsi, simbi kapena tchaja ya foni. Mupeza kachizindikiro kolembedwa manambala. Nambala yotsatiridwa ndi V ndi mavoliti. Magetsi a m'nyumba kuno ndi 230V. Nambala yotsatiridwa ndi W ndi mawati, ndipo iyi ndiyo yofunika kwambiri. Imakuuzani kuti chipangizocho chimakoka mphamvu yochuluka bwanji pamene chayaka. Ngati pangolembedwa V ndi A (maampu), chulukitsani manambala awiriwo. Mwachitsanzo, tchaja ya laputopu yotulutsa 19V ndi 3.4A ndi ya mawati pafupifupi 65.

Nambala yachiwiri simuipeza italembedwa, mumaiwerengera nokha. Tengani mawati, muchulukitse ndi maola amene chipangizocho chayaka. Yankho lake timalilemba kuti Wh. Babu la 10W likayaka maola 5 ladya 50Wh. Ma Wh 1,000 ndiwo yunitsi imodzi, yomweyo imene mumagula ku ESCOM n'kuilowetsa pa mita.

Batire lili ngati ndowa ya madzi yokhala ndi kampopi kunsi. Mawati ndi m'mene mwatsegulira mpopi, pomwe ma Wh ndi madzi amene atuluka. Mukatsegula pang'ono, ndowa ikufikitsani m'mawa. Mukatsegula kwambiri, iphwa musanamalize kusamba m'manja.

GAWO 2: ZIPANGIZO ZA M'NYUMBA NDI MPHAMVU IMENE ZIMAKOKA

Manambala awa ndi a zipangizo zopezeka m'nyumba zambiri. Chanu chikhoza kusiyana pang'ono, choncho khulupirirani zimene zalembedwa pa icho.

Zodya pang'ono:
- Babu la LED: 5W mpaka 12W
- Tchaja ya foni: 5W mpaka 20W, kudzaza foni imodzi kumadya pafupifupi 20Wh
- Rauta ya intaneti: 6W mpaka 12W
- Dikoda: 10W mpaka 20W
- Makina ometera: 10W mpaka 15W

Zodya pakatikati:
- TV ya LED ya mainchesi 32: 30W mpaka 60W
- Laputopu: 45W mpaka 65W
- Fani yoimika: 40W mpaka 60W
- Babu lakale lotentha lija: 60W kapena 100W
- Kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake: 100W mpaka 200W
- Firiji ya banja: 80W mpaka 150W injini ikamalira

Zodya kwambiri:
- Pampu ya madzi yaing'ono: 370W mpaka 750W
- Maikulowevu: 1,000W mpaka 1,500W
- Hotipuleti, mbale imodzi: 1,000W mpaka 1,500W
- Simbi: 1,000W mpaka 2,000W
- Ketulo: 1,800W mpaka 2,200W
- Giza: 2,000W mpaka 3,000W

Mukayang'anitsitsa mndandandawu muona lamulo limodzi: chilichonse chimene ntchito yake ndi kutentha chimadya kwambiri. Ketulo ya 2,000W ikawiritsa madzi kwa mphindi 5 yadya 167Wh. Mphamvu yomweyo ikanayatsa mababu anayi a 9W kwa maola opitirira anayi ndi theka. Tiyi wa m'mawa umodzi walanda kuwala kwa madzulo onse. Hotipuleti ya 1,000W ikaphika nyemba ola limodzi yatha yunitsi yathunthu, ndipo giza ya 3,000W ikayaka maola awiri yatha mayunitsi 6.

Pachifukwa ichi, ketulo, simbi, kuka, giza ndi chitsulo chowongolera tsitsi zisamalumikizidwe ku batire la panyumba. Magetsi akathima, phikani pa gasi kapena pa mbaula yosunga moto, ndipo zovala muzisita zonse pamodzi magetsi akakhalapo.

GAWO 3: MUMPHAMVU YA BATIRE, YANU NDI ITI?

Pa batire pamalembedwa manambala awiri, monga 12V ndi 100Ah. Mukawachulukitsa mupeza 1,200Wh. Tangoganizani: chibatire cholemera chonyamulidwa ndi anthu awiri chimasunga mphamvu yongopitirira pang'ono yunitsi imodzi. Ndipo siyonse imene mungaigwiritse ntchito.

Batire la asidi, kaya lothira madzi kapena lomata la jelo, silifuna kukamidwa mpaka kutheratu. Mukafuna likhalitse, muzichotsamo theka lokha. Pa batire la 100Ah, gawo lanu ndi 600Wh. Mukamalikama mpaka inveta kuzima yokha tsiku ndi tsiku, mbale za mtovu zam'kati zimachita chikhakha choyera chimene sichisungunukanso, ndipo batire loyenera kukutumikirani zaka lidzafooka pa miyezi yowerengeka.

Batire la lithiyamu, makamaka lolembedwa LiFePO4, limalola kuchotsamo magawo 8 kapena 9 pa magawo 10 aliwonse. La 100Ah lingakupatseni pafupifupi 1,000Wh. Ndi lopepuka, limadzaza msanga, ndipo limapirira kutchajidwa kambirimbiri kuposa la asidi. Mtengo wake wogulira ndi wokwera, koma amene amagula la asidi chaka ndi chaka amadzapezeka kuti walipira zambiri.

Batire la galimoto si la ntchito imeneyi. Linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa timphindi tochepa poliza injini, kenako lidzazidwe nthawi yomweyo. Mukamaonera nalo TV usiku uliwonse lifa msanga. Pogula la asidi, funani lolembedwa kuti deep cycle.

Kuti mudziwe m'mene batire la asidi la 12V liliri, liyezeni ndi kamita koyezera mavoliti litapuma kwa maola angapo, lisakutchajidwa komanso lisakuyatsa kanthu. Likaonetsa 12.6 kapena 12.7 ndi lodzaza. Likaonetsa 12.2 lili pa theka, ndiye nthawi yoleka. Likatsika pa 12.0 mwalipweteka.

GAWO 4: INVETA NAYO IMADYA

Inveta sipanga magetsi. Imangosandutsa mphamvu ya batire kukhala yofanana ndi ya pa soketi, ndipo pogwira ntchitoyo imadulapo yake. Imadya m'njira zitatu.

Choyamba ndi posandutsa. Pa ma Wh 100 ochoka m'batire, ofika ku TV yanu ndi 85 kapena 90. Otsalawo amasanduka kutentha, n'chifukwa chake inveta imafunda ndipo kafani kake kamalira.

Chachiwiri ndi pongokhala chiyakire. Inveta yoyaka, ngakhale pasalumikizidwe kanthu, imadya. Zing'onozing'ono zimadya 10W mpaka 20W, pomwe zikuluzikulu za 3kVA kapena 5kVA zimatha kufika 30W mpaka 60W. Inveta yodya 20W ikayaka usana ndi usiku yatha 480Wh, pafupifupi gawo lonse lanu la m'batire la asidi la 100Ah. Pamwezi ndi mayunitsi 14. Ya 50W imatha mayunitsi 36 pamwezi popanda kuyatsa ngakhale babu limodzi.

Chachitatu ndi potchaja. Magetsi akabwera, inveta imayamba kubweza zimene munachotsa, koma sizilowa zonse. Kuti 600Wh ibwerere m'batire la asidi, mita yanu iwerenga pafupifupi 800Wh. Apa ndi pamene pali yankho la funso lija lakuti bwanji mayunitsi akutha msanga. Mphamvu yodzera m'batire imakudyerani ndalama zambiri kuposa yobwera molunjika kuchokera ku ESCOM.

Pali chinthu china chimene ogulitsa satchula kawirikawiri. Kukula kwa inveta sikuwonjezera ngakhale mphindi imodzi pa nthawi yoyaka. Inveta ya 3,000W ndi ya 500W zikalumikizidwa ku mabatire ofanana n'kuyatsa katundu wofanana, yaikuluyo ndiyo iyambe kuthima chifukwa imadya zambiri payokha. Maola ali m'batire. Inveta imangonena kuchuluka kwa zinthu zimene mungayatse nthawi imodzi.

Onaninso ngati nambala ya pa inveta ili mu W kapena VA. Ma VA amaoneka ambiri koma mawati enieni ndi ochepa. Yolembedwa 1,000VA nthawi zambiri imanyamula 600W mpaka 800W. Komanso inveta zili mitundu iwiri. Yolembedwa pure sine wave imatulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM, oyenera firiji, fani, pampu ndi makina a odwala. Yolembedwa modified sine wave ndi yotchipa, koma imaliritsa fani ndi wailesi, ndipo imatenthetsa injini ya firiji.

GAWO 5: TIYENI TIWERENGERE PAMODZI

Tiyerekeze banja limene magetsi amalithimira maola 5 madzulo, ndipo likufuna kuyatsa izi:

- Mababu 4 a 9W, maola 5: 180Wh
- TV ya 50W, maola 4: 200Wh
- Dikoda ya 15W, maola 4: 60Wh
- Rauta ya 10W, maola 5: 50Wh
- Mafoni 3: 60Wh

Zonse pamodzi ndi 550Wh. Tsopano onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi a nambalayi, chifukwa cha zimene inveta idye. Yankho likufika pafupifupi 690Wh.

Batire la asidi la 100Ah lili ndi 600Wh yokha yoti n'kugwiritsa ntchito, ndiye laperewera. Banjali lili ndi njira zitatu. Likhoza kugula la asidi la 150Ah, limene theka lake ndi 900Wh. Likhoza kugula la lithiyamu la 100Ah. Kapena likhoza kuchepetsa TV ndi dikoda kukhala maola awiri. Potero zofunika zitsika kufika 420Wh, ndipo kuphatikiza za inveta zikhala 525Wh. Batire la 100Ah lija lakwana popanda kuwonjezera tambala.

Nanga inveta ikhale yaikulu bwanji? Phatikizani mawati a zonse zoyaka nthawi imodzi: mababu 36, TV 50, dikoda 15, rauta 10, matchaja 30. Zonse ndi 141W. Inveta ya 300W kapena 500W ikwanira bwino lomwe.

Taonaninso izi. Banja lomweli likanakhala ndi mababu akale a 60W, mababu anayi okhawo akanadya 1,200Wh pa maola 5, batire lonse mpaka pansi. Musanaganize zogula batire lachiwiri, yambani mwasintha mababu.

GAWO 6: NKHANI YA FIRIJI

Firiji imasokoneza anthu chifukwa injini yake siyaka nthawi zonse. Imalira, kenako n'kupuma. Ya banja yapakatikati imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa tsiku; yakale, ya mphira wa pachitseko wotha, kapena yoima pafupi ndi mbaula, imadya zoposa apo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala imalira nthawi yaitali kuposa mu Juni.

Vuto lalikulu lili poyamba kulira. Kwa kamphindi kochepa injini imakoka mphamvu yoposa ya nthawi zonse katatu, kasanu, mwinanso kupitirira. Firiji ya 120W ikhoza kuzimitsa inveta ya 500W. Ngati mukufunadi firiji pa batire, mufunika inveta ya pure sine wave yosachepera 1,000W ndi batire lowirikiza la mu chitsanzo chija.

Koma dzifunseni kaye ngati n'zofunika. Firiji yosatsegulidwa imasunga chakudya bwino kwa maola pafupifupi 4. Firiza yodzaza imasunga kuzizira kwa masiku awiri, ya theka tsiku limodzi. Ikani mabotolo a madzi mu firiza kuti aundane, osawadzaza mpaka pakamwa. Magetsi akathima, samutsirani awiri kapena atatu m'firiji, ndipo uzani ana kuti chitseko chisatsegulidwe chisawawa. Siyani mpata kumbuyo kwa firiji kuti mpweya uzidutsa, ndipo musalowetse mphika wotentha.

GAWO 7: UPS, PAWABANKI, SOLA NDI JENERETA

UPS ya kompyuta. Kabokosi ka 650VA kamakhala ndi batire la 12V 7Ah, kutanthauza 84Wh basi. Ntchito yake ndi kukupatsani mphindi zochepa kuti musunge zimene mumalemba ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Si yoonerera mpira. Ngati cholinga chanu ndi intaneti yokha, gulani ka UPS kakang'ono kolumikiza molunjika ku rauta. Kamapereka 9V kapena 12V popanda kudzera pa inveta, ndiye sikataya mphamvu yambiri. Onetsetsani kuti mavoliti ake akufanana ndi olembedwa pa rauta.

Pawabanki. Yolembedwa 10,000mAh imasunga pafupifupi 37Wh, ndipo yofika m'foni ndi magawo awiri mwa atatu. Foni ya batire la 5,000mAh idzadza kamodzi n'kutsala pang'ono. Mukaona kapawabanki kopepuka kolembedwa 50,000mAh pamtengo wa sopo, dziwani kuti nambalayo ndi yabodza.

Sola. Panelo silitulutsa mawati olembedwawo tsiku lonse. Kuno kwathu werengerani maola 5 a dzuwa lamphamvu, kenako muchotsepo magawo atatu pa khumi otayika chifukwa cha kutentha, fumbi, mawaya ndi kutchaja. Panelo la 200W likupatsani pafupifupi 700Wh pa tsiku labwino. Banja la mu chitsanzo chija lingokwanira ndendende, choncho ndi bwino kuika 300W chifukwa cha mitambo ya dzinja ndi chiperoni cha Juni ndi Julaye ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Popeza tili kumwera kwa dziko lapansi, panelo lipendekere kumpoto pang'ono, mokwanira kuti mvula izitsuka fumbi. M'chilimwe lipukuteni ndi nsalu yonyowa m'mawa lisanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena wa dishi ya TV umatsitsa mphamvu ya panelo lonse. Ndipo musalumikize panelo ku batire popanda kontirola, kachipangizo kowongolera kutchaja. Batire lidzawira n'kuonongeka.

Jenereta. Imamwa mafuta ngakhale mwangoyatsa mababu awiri, choncho kuiliza chifukwa cha TV yokha n'kutaya ndalama. Sonkhanitsani ntchito zolemera, monga kupopa madzi, kusita, kuziziritsa firiza ndi kutchaja batire, muzichite nthawi imodzi kenako muizimitse. Musaisenzetse katundu wopitirira magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake.

GAWO 8: ZODYA MWAKACHETECHETE

Zipangizo zina zimadya ngakhale mwazithimitsa ndi rimoti. Dikoda yodya 10W ikasiyidwa pa soketi mwezi wonse yatha mayunitsi 7. Onjezeranipo TV, wailesi ya masipika, maikulowevu ya kawotchi, ndi giza yoiwalika chiyakire. Pa magetsi a ESCOM zimakudyerani ndalama; pa batire zimakudyerani maola.

Mita yanu ikhoza kukuululirani zonsezi. Usiku pogona, zimitsani zimene mumazimitsa masiku onse, ndipo lembani mayunitsi otsala. M'mawa, musanayatse kanthu, lembaninso. Usiku wotsatira chitani chimodzimodzi koma mutazimitsa pa khoma dikoda, TV, matchaja ndi inveta. Kusiyana kwa mayunitsi otha usiku woyamba ndi wachiwiri ndi zimene mumalipira muli m'tulo. Mamita ambiri ali ndi kanyali kofiira kothwanima, ndipo pambali pake pamalembedwa nambala monga 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakathwanima ka 1,000 yunitsi imodzi yatha. Yatsani ketulo muone m'mene kakuthamangira. Aonetseni ana ndi aliyense wothandiza pakhomo. Akaona ndi maso awo, simudzavutikanso kuwakumbutsa.

GAWO 9: KUSAMALA BATIRE KUTI LIKHALITSE

1. Lidzazeni msanga mukangoligwiritsa ntchito. Batire la asidi likagona masiku lili lopanda moto limaonongeka ngakhale palibe akuligwira.
2. Lipatseni nthawi yokwanira. Kubweza theka la batire la 100Ah ndi tchaja ya 10A kumatenga maola 7 kapena 8, chifukwa kumapeto limadzaza pang'onopang'ono. Masiku amene magetsi akubwera maola ochepa, chepetsani zoyatsa usiku, apo ayi batire lizitsika tsiku ndi tsiku.
3. Liikeni pozizira, podutsa mpweya, posafika dzuwa ndi madzi. Kutentha kumafupikitsa moyo wa batire. A ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja asamale kwambiri pamenepa.
4. Ngati ndi lothira madzi, yang'anani mwezi uliwonse. Thirani madzi a batire ogula okha, osati a pampopi kapena a pachitsime, ndipo musawonjezere asidi.
5. Musaphatikize batire lakale ndi latsopano, kapena a kukula kosiyana. Lofooka limakokera lamphamvu pansi.
6. Mitu ya batire ikhale yoyera ndi yomangidwa zolimba.
7. Masana ngati palibe choyatsa, zimitsani inveta pa swichi yake.

GAWO 10: CHENJEZO, MOYO NDI WOFUNIKA KUPOSA KUWALA

Jenereta isalire m'nyumba, m'khitchini, m'galaja kapena pakhonde lotsekeka. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi tulo, osadzukanso. Iikeni panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa mawindo ndi zitseko. Ngati mukuopa akuba, imangireni kachikhola ka zitsulo kopita mphepo. Thirani mafuta itazima ndi kuzizira.

Musalowetse magetsi a jenereta kapena inveta m'nyumba pobaya waya pa soketi ya pakhoma. Magetsiwo amabwerera pa nthambo za panja ndipo akhoza kupha wantchito wa ESCOM amene akukonza akuganiza kuti nthambozo n'zozima. Magetsi akabwera mwadzidzidzi, makina anu apsa, mwinanso nyumba. Pamafunika swichi yosinthira, yoikidwa ndi mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA. Mufunseni akuonetseni chiphasocho.

Mawaya a pakati pa batire ndi inveta akhale onenepa ndi aafupi. Inveta ya 1,000W pa 12V imakoka maampu pafupifupi 90, pomwe pulagi wamba ya m'nyumba imalekeza pa 13. Waya woonda amatentha, n'kusungunuka, n'kuyatsa moto. Pafupi ndi mutu wa batire wa chizindikiro cha + pakhale fyuzi. Fyuzi ikapsa, musamangepo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Funani chimene chaipsereza.

Batire la asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wophulika. Lisakhale m'chipinda chogona, ndipo pafupi pake pasayandikire kandulo, mbaula kapena ndudu. Sipanala ikagwera pa mitu iwiri nthawi imodzi imathetheka moto woopsa. Vulani mphete ndi wotchi pogwira batire. Asidi akakugwerani pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala. Batire la lithiyamu kapena la foni likatupa, lekani kuligwiritsa ntchito.

Batire lakufa musalitaye kudzala kapena kuliswa pakhomo. Mtovu wake ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana. Libwezeni kwa ogulitsa kapena ogula mabatire akale lili lathunthu.

Magetsi akathima, zulani TV, firiji ndi kompyuta zimene zili pa soketi za ESCOM, musiye babu limodzi lokudziwitsani. Akabwera, dikirani mphindi zingapo akhazikike musanalumikizenso. Onetsetsaninso kuti simbi ndi kuka zazimitsidwa. Moto umatha kubuka magetsi akabwera anthu atachoka kapena atagona.

GAWO 11: MAFUNSO OFUNSA M'SITOLO

Safunsa anadya phula. Pitani ndi pepala lanu la masamu, ndipo funsani izi musanatulutse ndalama:

- Inveta iyi ndi ya mawati angati enieni, osati ma VA?
- Ndi pure sine wave kapena modified sine wave?
- Imadya mawati angati ikangoyaka popanda katundu? Ndionetseni m'kabuku kake.
- Tchaja yake ndi ya maampu angati, ndipo ikugwirizana ndi mtundu wa batire limeneli?
- Batire linapangidwa liti? Tiliyeze mavoliti pompano.
- Chitsimikizo chake ndi cha miyezi ingati, ndipo mulemba pa lisiti?

Batire la asidi la 100Ah lenileni limalemera pafupifupi makilogalamu 30. Mukalinyamula ndi dzanja limodzi mosavuta, m'katimo mulibe mtovu wokwanira, kaya kunja kwalembedwa chiyani.

ZOCHITA SABATA INO

Lolemba: Zungulirani nyumba yonse, mulembe chipangizo chilichonse ndi mawati ake.
Lachiwiri: Khalani pansi ndi banja lonse, mugwirizane zinthu zoyenera kuyaka magetsi akathima ndi maola ake.
Lachitatu: Werengerani ma Wh, muwonjezere gawo limodzi mwa anayi, muyerekeze ndi gawo lanu la m'batire.
Lachinayi ndi Lachisanu: Yezani ndi mita zimene zimadya usiku.
Loweruka: Sinthani mababu akale, pukutani mapanelo, onani madzi, mitu ndi fyuzi ya batire. Lembani pepala lakuti "Pano ayi ketulo, simbi ndi kuka" mulimate pa soketi iliyonse ya inveta.

Mndandanda wa zoyatsa ndi maola ake muupachike pafupi ndi batire, ndipo mukagula chipangizo chatsopano, muyambe mwawerenga mawati ake musanachibaye pa soketi.